Mwai ndi Dzuwa Lopanda Moto

Ndinamuuza Mwaiwathu. Ndinamuuza ndithu.

"Mwai, usavule chipewa. Dzuwa la kuno lilibe moto."

Mwai anaseka. Mwai sanamve.

Mwai ndi mdzukulu wanga. Ine ndine agogo ake. Tinabwera limodzi kuchokera ku Dedza. Tinafika kuno nthawi yotentha. Tsopano timakhala ku Indianapolis, mzinda wa kutsidya kwa nyanja. Timakhala ndi amayi ake a Mwai. Dzina lawo ndi Ida. Ida ndi mwana wanga. Ndi namwino kuchipatala.

Mwai ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kukwera phiri la chipale. Ankafuna kutsetsereka kuchokera pamwamba mpaka pansi.

Chipale ndi madzi oundana. Chimagwa kumwamba ngati ufa. Ana a kuno amachitcha sino. Anthu amamanga matabwa aatali kumapazi. Kenako amatsetsereka pachipalepo. Akuti ndi masewera.

Amene anamuuza zimenezi ndi Kenan. Kenan ndi msuweni wake. Amakhala ku South Bend. Bambo ake ndi a Dixon, mwana wanga wamwamuna. Kufupi ndi kwawoko kuli phiri lotsetserekapo.

Ine ndimaopa zinthu zambiri kuno. Ndimaopa masitepe oyenda okha. Ndimaopa zitseko zotseguka zokha. Ndimaopa agalu ovala majuzi.

Ndiye ndimachenjeza. Usathamange pamsewu. Usatsegulire mlendo. Usamwe madzi ozizira m'mawa. Usayandikire zenera.

Mwai amati, "Agogo, inu chilichonse ndi usa, usa, usa."

Ndimamuyankha kuti, "Eya mnzanga. Usa ameneyo ndiye wandikalambitsa."

Ine kuzizira ndimakudziwa. Ku Dedza kumazizira mu Juni. Koma kwathu dzuwa likatuluka, timawothera. Msana umafunda. Manja amafunda.

Kuno ayi.

Tsiku lina ndinachapa chitenje changa. Kunja kunali dzuwa lowala bwino. Ndinachiyanika pakhonde, monga timachitira kwathu. Masana ndinapita kukachanula. Chitenje chinali gwa! Chinali ngati thabwa. Ndinachigogoda. Chinalira go, go, go. Ndinachiimika pansi. Chinaima chokha.

Mwai anaseka mpaka misozi. Anachipatsa moni chitenjecho. Anati, "Muli bwanji, a Chitenje?"

Ine sindinaseke. Ndinayang'ana dzuwa lija. Linali lowala. Linali lokongola. Koma linalibe moto.

Tsiku lomwelo ndinayamba kuluka chipewa. Ndinasankha ulusi wokhuthala. Ndinasankha wofiira, kuti ndizimuona Mwai ali patali. Ndinaluka chachikulu. Ndinaluka ndi zophimba makutu. Ndinaikanso zingwe zomangira pachibwano.

Mwai anachiyesa. Anadziyang'ana pagalasi. Anati chikuoneka ngati mphika. Kusukulu anzake anachiseka. Kuyambira pamenepo ankachibisa m'chikwama.

Khirisimasi inadutsa. Chipale sichinabwere.

Kumwamba kunali kotuwa. Mitengo inalibe masamba. Udzu unali wakufa. Mbalame zinathawa.

M'mawa uliwonse Mwai ankatenga foni ya amayi ake. Eni phiri amalemba za nyengo tsiku ndi tsiku. Ine sindinapite kusukulu. Mwai ndiye ankandiwerengera.

"Lero kuli mvula. Phiri ndi lotseka."

Mawa lake anawerenganso.

"Lero kuli nkhungu. Phiri ndi lotseka."

Mawa lakenso.

"Lero kuli matope. Phiri ndi lotseka."

Mwai ankaika foni pansi. Ankakhala pazenera. Ankayang'ana mitambo.

Ine mumtima ndinkati, litsekeke choncho. Koma nkhope ya mwanayo inkandimvetsa chisoni.

Kenako a Dixon anaimba foni. Anati ku South Bend chipale chagwa. Anati chachokera kunyanja yaikulu ya kumpoto. Anati chafika m'mawondo. Phiri latsegulidwa. Anati adzabwera Loweruka kudzamutenga Mwai.

Mwai analumpha. Anavina m'khitchini. Anavina m'chipinda.

Ida anati iye sapita. Loweruka ali pa shifiti kuchipatala.

Ine ndinati, "Ndiye ndipita ndine."

Ida anadabwa. Anandikumbutsa kuti ndimaopa chipale. Ndinavomera. Koma ndinati mwana sapita kopanda maso anga.

Lachisanu Ida anapita naye Mwai ku Lafayette Road. Kumeneko kuli Anti Vainess. Anti Vainess amaluka tsitsi. Anamuluka Mwai bwinobwino. Kunsonga anaika mikanda. Inali yoyera ndi yobiriwira.

Mwai anabwera akugwedeza mutu. Mikanda inkalira tseke, tseke, tseke.

"Agogo, ndakongola?"

"Wakongola, mnzanga."

"Ndiye mawa chipewa ndisiye."

"Ayi. Mikanda sifunditsa makutu."

Mwai anakwinya nkhope. Tseke, tseke, analowa m'chipinda.

Loweruka kunacha bwino. Mitambo inachoka. Dzuwa linatuluka lalikulu.

Mwai anatenga foni. Anawerenga mokweza.

"Chipale chatsopano! Dzuwa tsiku lonse!"

Ine ndinayang'ana pafonipo. Zilembo zinali zambiri. Mawu a Mwai anali ochepa.

"Werenga zonse, iwe. Pansipo akuti chiyani?"

Mwai anawerenga ndi mawu aang'ono. Anawerenga mothamanga.

"Masana mphepo yamphamvu. Kuzizira koopsa. Phimbani makutu ndi zala."

"Wamva?"

"Ndamva, Agogo. Koma taonani dzuwa."

"Ndaliona. Dzuwa la kuno lilibe moto."

A Dixon anafika ndi galimoto. Kenan anali kumbuyo. Kenan anabadwira konkuno. Chichewa amamva. Koma amayankha m'Chingerezi. Ndinamupatsa moni. Anamwetulira, n'kundikumbatira.

Ulendo unali wautali. A Dixon ankadiraiva. Ine ndinkawauza kuti achepetse liwiro. Minda inali yopanda kanthu. Inali yotuwa. Kenako inayamba kuyera. Madenga anayera. Mitengo inayera. Dziko lonse linayera mbee.

Tinadutsa South Bend. Tinapitirira pang'ono. A Dixon anaimitsa galimoto.

Ndinafunsa kuti phiri lili kuti.

A Dixon analoza. "Ndi ilo, Amayi."

"Ilo? Kwathu timati chulu."

Ana anaseka. Inenso ndinaseka pang'ono. Koma nditatsegula chitseko, kuseka kunatha. Mphepo inandiluma kumaso. Mpweya wanga unasanduka utsi. Mano anawawa.

Ndinayang'ana uku. Ndinayang'ana uko. Mbendera zinkakupiza mwamphamvu. Chipale chinkauluka pansi ngati fumbi. Panali chingwe chachitali chopita pamwamba. Pachingwepo panalendewera mipando. Anthu ankakhala m'mipandomo. Miyendo yawo inkalendewera m'malere.



Ndinamuitana Mwai. Ndinamuveka chipewa. Ndinabisa mikanda yonse. Ndinabisa makutu onse awiri. Ndinamanga zingwe pachibwano.

"Usavule."

"Chabwino, Agogo."

"Ngakhale umve kutentha, usavule."

"Chabwino."

"Ngakhale akuseke, usavule."

Mwai anali atathamanga kale.

Pansi pa phiri pali nyumba yofunda. Ili ndi zenera lalikulu. Ndinakhala pazenerapo. A Dixon anandigulira tiyi. Tiyi anazizira. Sindinamwe. Maso anga anali panja.

M'mawa Mwai anaphunzira pamalo a ana. Anamumanga matabwa kumapazi. Anayenda pang'ono, n'kugwa. Anadzuka. Anagwanso. Anadzukanso.

Ine ndinkatsatira chipewa chofiira. Chofiira chagwa. Chofiira chadzuka. Chofiira chatsetsereka.

Mwai anaphunzira msanga. Anaphunzira kukhota. Anaphunzira kuima. Anabwera pazenera, n'kugogoda. Analoza pamwamba pa phiri.

Ndinapukusa mutu. Ndinaloza mbendera. Ndinaloza makutu anga.

Mwai analoza dzuwa. Anandibayibitsa.

Anapita kumipando ija. Mpando umodzi umanyamula anthu awiri. Mwai anakhala ndi Kenan. A Dixon anakhala mpando wa kumbuyo. Chingwe chinayenda. Mipando inanyamuka.

Zina ndinaona ndi maso anga. Zina Kenan anauza bambo ake pambuyo pake.

Mwai anali atatuluka thukuta. Dzuwa linkawala pankhope pake. Anati akumva kutentha. Mpando wa kutsogolo kunali atsikana awiri. Anacheuka. Anayang'ana chipewa chija. Ananong'onezana.

Mwai anamasula zingwe. Anavula chipewa. Anagwedeza mutu kuti aone mikanda. Tseke, tseke, tseke.

Pomwepo mphepo inabwera. Fuuu!

Inalanda chipewa m'manja mwake. Ndinachiona. Chinauluka ngati mbalame yofiira. Chinazungulira. Chinagwa pachipale. Mphepo inachikunkhuniza mpaka kumunsi.

Kenako chingwe chinaima.

Mipando yonse inaima m'malere. Mphepo inali itakula. Mipando inkagwedezeka uku ndi uku. Sinapite kutsogolo. Sinabwerere kumbuyo.

Mwai anali pamwamba. Mutu wake unali pamtunda. Makutu ake anali pamtunda.

A Dixon anafuula kuti aphimbe makutu. Mphepo inatenga mawu awo. Mwai sanamve. Anagwira chitsulo ndi manja onse awiri. Ankaopa kugwa. Kenan nayenso anagwira chitsulo.

Ine ndinaimirira. Ndinatsegula chitseko. Ndinali ndisanapondepo pachipale chakuya. Ndinkachiopa. Koma ndinaponda.

Phazi linamira. Ndinapondanso. Ndinaterereka. Ndinagwa chagada. Munthu wina anafuna kundidzutsa. Ndinamukana ndi dzanja. Ndinakwawa ngati mwana. Ndinakwawa mpaka pa chipewa.

Ndinachitola. Ndinachikweza m'mwamba.

"Mwai! Mwaiwathu!"

Mphepo inatenganso mawu anga. Chipewa chinali m'manja mwanga. Mwana anali kumwamba. Sindikanamufikira.

Ndinaima pomwepo. Ndinapemphera. Dzuwa linkangowala. Linkangotiyang'ana.

Mipando inakhalitsa. Kwa ine inakhalitsa kwambiri.

Poyamba makutu a Mwai anawawa. Anawawa ngati abayidwa ndi minga. Mwai analira. Misozi inauma pamasaya. Kenako makutu anasiya kuwawa. Mwai anauza Kenan kuti wachira.

Sanachire.

Mphepo inachepa pang'ono. Chingwe chinayendanso. Mwai anafika pamwamba pa phiri. Apa ndi pamene ankafuna. Anayang'ana pansi. Anakonzeka kutsetsereka.

Koma pamwambapo panali mayi wina wa jekete yofiira. Ntchito yake ndi kuthandiza ovulala. Anayang'ana makutu a Mwai. Anali otuwa. Anali olimba. Mayiyo anamuimitsa.

Mwai anapempha. Anati kamodzi kokha. Mayiyo anakana. Anamuvula matabwa aja. Anamugoneka pa kabedi kotsetsereka. Anamufunditsa bulangeti mpaka kumutu. Anamukoka kupita pansi.

Mwai anatsika phiri. Koma anatsika atagona. Sanaone chipale. Sanaone njira. Anangoona bulangeti.

Anamulowetsa m'kachipinda kofunda. Ine ndinalowa ndi chipewa changa m'manja.

Mwai anandiona. Anayang'ana pansi.

"Sakuwawa, Agogo," anatero.

Ndinafuna kumutikita makutu. Ndinafuna kumuyandikiza pamoto. Kwathu timatero munthu akazizidwa. Mayi uja anandigwira dzanja. Analankhula m'Chingerezi. A Dixon anandimasulira. Anati osatikita. Anati osawotcha. Khungu lingang'ambike. Pamafunika madzi ofunda okha.

Ndinamvera. Ndinabweza manja anga.

Mayiyo ananyika nsalu m'madzi ofunda. Anaiika pamakutu. Ananyikanso. Anaikanso.

Pang'onopang'ono makutu anadzuka. Atadzuka, anawawa. Anawawa kuposa poyamba. Mwai analira kwambiri. Anandigwira chitenje. Ine ndinamugwira mapewa. A Dixon anaima pakhomo, mutu uli pansi. Kenan nayenso analira.

Panja ana ena ankatsetsereka. Ankaseka. Tinkawamva.

Tinakwera galimoto kubwerera kunyumba. Mwai anagona pamiyendo panga. Minda yoyera inatha. Minda yotuwa inayambanso.

Ida anatidikira pakhomo. Anayang'ana makutu aja. Sanakalipe. Anapita naye kwa dokotala. Dokotala anati makutu achira. Koma anati asakumanenso ndi chisanu chaka chino.

Makutu anatupa. Anatuluka matuza. Mikanda ikawakhudza, Mwai ankalira. Ida anati tsitsi limasulidwe.

Ndinamukhazika Mwai pansi, pakati pa miyendo yanga. Ndinamasula tsitsi pang'onopang'ono. Ndinachotsa mikanda. Ndinkaiponya m'mbale. Tseke. Tseke. Tseke.

Mwai ankayang'ana m'mbalemo.

Masiku anapita. Matuza anauma. Khungu linasupuka. Mwai ankatengabe foni m'mawa. Ankandiwerengerabe.

"Lero chipale ndi chabwino. Mphepo kulibe."

Anaika foni pansi.

"Lero chipale ndi chabwino. Anthu ndi ambiri."

Anaika foni pansi.

Kenako mvula inabwera. Inagwa ku Indianapolis. Inagwanso ku South Bend. Chipale chinasungunuka. Chinasanduka matope.

Mwai anawerenga komaliza.

"Phiri latsekedwa. Lidzatsegulidwa chaka chamawa."

Anakhala pazenera. Mvula inkatsika pagalasi. Ine ndinakhala pambali pake.

"Agogo."

"Ee, mnzanga."

"Bwanji simukunena kuti munandiuza?"

"Makutu ako anena kale."

Kenako Mwai anafunsa chipewa chija. Ndinali nditachichapa. Ndinachiyanika m'nyumba, osati pakhonde. Ndinamupatsa. Anachivala yekha. Anamanga zingwe yekha.

"Chikuonekabe ngati mphika," anatero.

"Eya. Koma mphika uli ndi moto."

Mwai anamwetulira pang'ono. Ndinatenga chitenje. Ndinamubereka kumsana. Ndi wamkulu tsopano. Miyendo yake inafika m'mawondo mwanga. Ida anatipeza choncho. Anaseka, n'kutikumbatira tonse awiri.

Chaka chimenecho Mwai sanatsetsereke kuchokera pamwamba. Makutu ake anachira. Koma sanaiwale.

Mpaka lero, chisanu chikamayandikira, makutu a Mwai amayamba kuwawa. Amawawa kunja kuli dzuwa. Amawawa foni isananene kanthu.

Mwai amagwira makutu ake. Amayang'ana kumwamba. Kenako amapita kukatenga chipewa chofiira.